Uzimba Watha, Koma Muvi Usathe Nawo

Pa msika wa pa Neno Boma munthu angathe kupeza khasu, nkhwangwa, chikwanje kapena mpeni wosulidwa ndi manja a anthu a m'midzi yozungulira. Koma atafunsa kuti mivi ikugulitsidwa poti, ogulitsa angayambe amuyang'ana kaye kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pofuna kudziwa ngati mwini funsoyo ali bwinobwino kapena pali mnzake amene wayambana naye. Chida chimene chinadyetsa mabanja a m'mapiri ano kwa zaka mazanamazana chasanduka chinthu chokayikitsa kuchitchula pagulu. Mnyamata amene watsiriza Fomu 4 amadziwa kujambula timivi pa pepala la mayeso posonyeza kumene mphamvu ikukankhira ndi kumene ikukokera, koma muvi weniweni sanaugwirepo chibadwire.

Zimenezi n'zolakwika, ndipo aphunzitsi ndiwo ayenera kuyamba kuzikonza. Apa sipakunenedwa kuti anyamata abwerere kutchire kukatsiriza agwape otsalawo. Uzimba wa makolo unatha, ndipo pali zifukwa zomveka zoti usabwerere. Chimene sichiyenera kutha nawo ndi nzeru yopangira muvi ndi kuulinganiza ndi uta wake, pakuti nzeru imeneyi ndi sayansi yeniyeni, ndipo eni ake akutha mmodzimmodzi popanda wowafunsa.

Anthu ambiri amayesa kuti muvi ndi bango lokhala ndi kachitsulo kutsogolo, basi. Woganiza chomwechi ayese kupanga umodzi. Ntchitoyi imayambira kudambo kapena m'mbali mwa mitsinje monga Lisungwi ndi Mkulumadzi, nyengo ya chilimwe bango litakhwima. Mmisiri sadula bango lililonse limene wakumana nalo. Amafuna lokhwima bwino, losafumbwa, la mfundo zotalikirana mofanana, ndiponso losaposa kwenikweni chala chaching'ono cha munthu wamkulu, kotero kuti pa mtolo wathunthu amasankhapo owerengeka okha. Akafika nawo kunyumba amawamanga pamodzi mothinitsa, nawaika pamthunzi kapena kutsindwi kwa nyumba yophikiramo, kumene utsi umawaumitsa pang'onopang'ono n'kumaingitsanso tizilombo. Bango loumitsidwa mothamanga padzuwa limang'aluka.

Likauma limafunika kuwongola, pakuti bango lowongoka lokha ndi losowa ngati munthu wopanda cholakwa. Mmisiri amaliwamba pa makala, osati pa lawi la moto, nalipinda pang'onopang'ono ndi zala, kenaka n'kutsinzina diso limodzi kuliyang'ana kuchokera kuno kufikira uko, uku akulizunguza. Kutentha kumafewetsa bango, ndipo likazizira limasunga mawongokedwe amene lapatsidwa. Kumchira amadulako kamphanda kolowamo nsinga ya uta, ndipo amakadula pafupi ndi mfundo, chifukwa mfundoyo ndiyo imaletsa nsinga kung'amba bango lonse kuyambira kumchira mpaka kumutu. Kumutu kumene kulowa chitsulo amakulungako ndi mtsempha wa nyama kapena luzi lopota bwino, namatira ndi phula.

Chitsulocho ndi ntchito ya wosula, munthu wa chipala ndi mvukuto. Kale chinkachokera m'ng'anjo zosungunulira miyala ya chitsulo. Pambuyo pake osula anayamba kugwiritsa ntchito misomali, makasu akutha ndi zitsulo zina zotola. Mitu ya mivi sinali yofanana. Wina unali wotambalala ngati tsamba, wina wa timano tokhotera m'mbuyo kuti usazuke, ndipo wolasira mbalame unali wa mtengo wobulungira, kuti ukomole nkhwali kapena njiwa osaing'amba, komanso kuti ukaphonya usakakamire pamwamba pa mtengo mwini wake n'kutsala akuuyang'ana.

Kufikira pamenepa ndi umisiri wa manja, wonga woluka dengu kapena wosema mtondo. Sayansi imayamba muvi ukatha kupangidwa, pakuti muvi wokongola m'manja ungathe kukhala wachabechabe m'mlengalenga.

Mlenje wodziwa ankauika muvi pa chala kuti aone pamene ukukhazikika osagwera uku kapena uku. Malo amenewa ayenera kukhala kutsogolo pang'ono kwa pakati penipeni pa muviwo. Akakhala kumbuyo, muvi umayenda ukupukusa mchira, mwina n'kufika pa nyama chopingasa. Nthenga za kumchira, zimene kawirikawiri zinkakhala za nkhanga kapena za mbalame zina zazikulu, ntchito yake si kukongoletsa ayi: zimagwira mphepo n'kukokera mchira m'mbuyo, kuti mutu ukhale wotsogola nthawi zonse. Ndipo nthenga za pa muvi umodzi ziyenera kuchokera ku phiko limodzi. Nthenga za phiko lamanja zimapindikira kwina, za phiko lamanzere kwinanso. Zikasakanizidwa zimalimbana zokhazokha, koma zikakhala za mbali imodzi zimagwirizana n'kuuzunguza muvi pouluka, monga mmene chipolopolo chimazungulira potuluka mu mfuti.

Chovuta koposa, chimene ngakhale anthu ophunzira anachedwa kuchimvetsa, ndi kulimba kwa bango. Munthu akataya nsinga, nsingayo imakankha mchira mwadzidzidzi pamene mutu wolemera uja usanayambe kuyenda. Bango likapanikizika chotero limapindika, ndipo limadutsa pa uta likudzipinda uku ndi uku ngati nsomba yosambira. Maso sangaone zimenezi. M'zaka za m'ma 1930 katswiri wina wa ku America, Clarence Hickman, anajambula muvi ndi kamera yothamanga kwambiri, ndipo anthu anaona ndi maso kupindika kumeneku. Tanthauzo lake ndi lakuti bango liyenera kugwirizana ndi mphamvu ya uta. Lolimba kwambiri limapatukira mbali imodzi, lofewa kwambiri limapatukira mbali inayo, ngakhale woponyayo atalunjika bwino chotani. Ndicho chifukwa chake muvi wa munthu wina umakana pa uta wa mnzake, ndipo osadziwa amathamangira kunena kuti pali mankhwala.

Mlenje wa ku Neno analibe kamera, koma ankadziwa chochita. Ankalipinda bango pakati pa manja awiri kuti amve kulimba kwake, naponya mivi yake yonse pa chulu, imodziimodzi, kuchokera pamalo amodzi. Wopatuka ankaubweza ku ntchito. Bango lofewa ankalifupikitsa pang'ono, pakuti lalifupi limalimba. Lolimba kwambiri ankaliika mutu wolemererapo, pakuti kulemera kwa mutu kumalichititsa kupindika msanga. Wokanika ankaupatsa ana kuti akasewere nawo. Uku ndiko kuyesa, kuona zotsatira, kusintha chinthu chimodzi, n'kuyesanso, ndipo mphunzitsi wa sayansi aliyense akudziwa dzina la njira imeneyi m'buku la Fomu 1. Opanga mivi ya mitengo ku America anangoiika nzeru yomweyi m'manambala: amagoneka muvi pa zochirikiza ziwiri zotalikirana mainchesi 26, napachika pakati pake cholemera mapaundi awiri, n'kuyeza mmene wapindikira. Misomali iwiri pa thabwa, rula ndi kathumba ka mchenga wolemera pafupifupi magalamu 900 n'zokwanira kuchita zomwezo m'kalasi ya pa Neno Boma.

Pali umboni wolembedwa wa luso la alenje a chigawo chino. David Livingstone ndi anzake anayenda m'mbali mwa mathithi a Shire pa ulendo wao wa 1858 mpaka 1864, ndipo mtsinje wa Lisungwi anaulemba kuti Lesungwe. M'buku la ulendowo, limene linasindikizidwa mu 1865, muli mafotokozedwe a muvi wa zigawo ziwiri. Chitsulo chinkamangidwa ku kamtengo kakafupi, ndipo kamtengoko kankangolowetsedwa m'bango osamangidwa. Muvi ukalasa nyama, bango linkagwa pansi kapena kukokedwa ndi zitsamba, koma chitsulo ndi kamtengo kopakidwa ululu zinkatsalira m'thupi. Muvi ukanakhala wathunthu, nyama pothawa ikanauzula wonse pokodwa m'tchire. Amene anayamba kuganiza zimenezi anali injiniya, ngakhale kuti sanavalepo chipewa cholimba.

Ululu umene unkapakidwa pa mivi imeneyi unali wa kombe, chomera choyanga chimene chimapezeka m'chigwa cha Shire. Dokotala wa pa ulendowo, John Kirk, anasunga kombe pang'ono m'thumba momwe munalinso mswachi wake. Potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo anazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Kombe anatumizidwa ku Britain, kumene akatswiri a zomera anamutcha Strophanthus kombe, kusunga dzina lomwe eni dziko ankamutchulira. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anamufufuza kwa zaka zambiri, ndipo mu 1885 analengeza za mankhwala a mtima ochokera m'njere zake. Posakhalitsa kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London inayamba kugulitsa mankhwalawa, ndipo njere za kombe zinasanduka katundu wotumizidwa kunja kuchokera m'dziko lino. Lero madokotala ali ndi mankhwala ena a mtima ndipo awa sagwiritsidwanso ntchito kwenikweni, koma kwa zaka makumi angapo anathandiza odwala ku Ulaya.

Tsono mapiri amene Neno Boma yakhalapo amatchedwa Kirk Range, dzina la dokotala yemweyo. Mwana wa sukulu amaliloweza dzinali pa phunziro la jogalafe. Kirk anali munthu wa maso akuthwa ndipo ulemu wake ndi womuyenera. Koma alenje amene anadziwa mphamvu ya kombe iye asanabadwe sanatchulidwe pa phiri lililonse kapena pa botolo lililonse la mankhwala. Nzeru yao inapindulitsa amene anaifunsa n'kuilemba. Ngati zidzukulu za alenjewo, zimene tsopano zili ndi madigiri ndi makope, sizifunsa ndi kulemba, palibe chifukwa chodzadandaulira mawa kuti alendo anaba.

Otsutsa alipo, ndipo mawu ao si opanda pake. Choyamba amati kuphunzitsa mwana kupanga muvi ndiko kumutuma kukapha nyama, pamene nyama zatha kale. Kutha kwa nyama n'koona. Nkhalango ya Majete, imene ili kumwera kwa Neno, inafika potheratu nyama zake zikuluzikulu m'zaka za m'ma 1990, mpaka bungwe la African Parks litayamba kuiyang'anira mu 2003, chaka chomwe Neno inakhala boma palokha kuchoka ku Mwanza. Zipembere, njovu ndi mikango zinachita kubwera pa galimoto ndi pa ndege kuchokera kwina. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992 linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo wopha nyama zotetezedwa kwambiri angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Mphunzitsi amene angalimbikitse ana kusaka angakhale akuwakumbira mbuna.

Komabe chilungamo chinenedwe: si muvi umene unatha nyama. Mlenje wa uta ankayenera kuyandikira nyama mpaka mapazi owerengeka, kudziwa kumene mphepo ikuchokera, kukwawa ndi mimba mwina theka la tsiku, n'kubwerera kunyumba chimanjamanja kawirikawiri. N'chifukwa chake akale ankatonthozana kuti kulasa mtengo n'chamuna chomwe. Zimene zinasesa tchire ndi mfuti, misampha ya waya imene siisankha yaikazi kapena yabere, moto wolusa, ndi nkhwangwa ya wootcha makala, amene matumba ake aliyense wodutsa pa Zalewa anawaonapo. Ngakhale zili choncho, otsutsawo akulondola pa mfundo imodzi yaikulu. Mu 1966 Amalawi anali pafupifupi mamiliyoni anayi. Kalembera wa 2018 anapeza oposa mamiliyoni 17. Tchire limene linkapirira alenje a midzi yowerengeka silingapirire anyamata a lero onse, ngakhale atanyamula mauta okhaokha. Choncho kusaka kukhale kotseka. Funso ndi lakuti kodi luso liyenera kuikidwa m'manda limodzi ndi ntchito imene linkagwira?

Yankho lili pafupi, pakati pa Angoni a ku Neno komweko. Nkhondo za Angoni a kwa Maseko zinatha pamene Gomani woyamba anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Chishango chinalibenso mkondo woti chitchinge, koma sichinafe, chifukwa chinapeza nyumba ina m'gule wa ngoma. Mpaka lero alipo odziwa kufufuta chikopa ndi kuchisoka pa ndodo, ndipo palibe amene amawaneneza kuti akukonzekera nkhondo. Muvi ndiwo sunapeze kolowera. Eni ake, Achewa, Amang'anja ndi ena amene chida chao chinali uta, anausiya kutsindwi kuti udyedwe ndi chiswe. Nyumba yake yatsopano iyenera kukhala sukulu ndi bwalo la masewera.

Ena amati mivi ndi yoopsa pakati pa ana. Ndi yoopsadi, monga mmene chikwanje cha kumunda wa sukulu, nthungo ya pa mpikisano wa masewera ndi asidi wa m'labotale zilili zoopsa. Zonsezi zimaphunzitsidwa ndi malamulo ake. Mivi ya kusukulu ikhale ya mitu yobuntha, isungidwe ndi mphunzitsi, iponyedwe pa thunthu la nthochi kapena pa thumba la utuchi loimikidwa patsogolo pa chulu, onse ataima kumbuyo kwa mzere umodzi. Za kombe ana amve mbiri yake yokha. Kapangidwe ka ululu sikafunika pa sukulu, ndipo mkulu wanzeru sangakaphunzitse.

Palinso ena, ndipo awa ndiwo omvetsa chisoni, amene amangoona kuti uta ndi chizindikiro cha umbuli, chinthu chosayenera munthu wovala tayi. Awa aiwala kuti dzina lakuti Chauta, limene amalitchula m'pemphero, lili ndi uta m'kati mwake, ndi kuti mvula ikakata amaloza kumwamba n'kunena kuti utawaleza. Aiwalanso kuti umboni wina wakale kwambiri wa mivi pa dziko lonse unapezeka mu Africa muno, m'phanga la Sibudu ku South Africa, ndipo ndi wa zaka zoposa 60,000. Ku Bhutan kuponya mivi ndiwo masewera a fuko lonse, ndipo nduna ndi alimi amapikisana pa bwalo limodzi. Mmalawi Areneo David anaimira dziko lino pa masewera oponya mivi a Olympic ku Rio de Janeiro mu 2016, ndiponso ku Tokyo mu 2021. Uta umene amagwiritsa ntchito pa masewera otere ndi wa ku fakitale ndipo ndi wokwera mtengo, koma diso, mapewa ndi kuleza mtima zingathe kuyambira pa bango la ku Lisungwi.

Mmene luso lotere limapulumukira zinaoneka ku California. Mu 1911 kunatulukira munthu wotchedwa Ishi, wotsala yekha wa mtundu wa Yahi. Dokotala amene ankamusamala, Saxton Pope, sanamuone ngati chinthu chodabwitsa chokha, koma anakhala pansi naphunzira kwa iye kusema uta, kuwongola muvi ndi kumanga nthenga. Ishi anamwalira mu 1916, atakhala ndi anthu a m'tauni zaka zisanu zokha. Pope anasindikiza buku lake lonena za uta ndi mivi mu 1923, ndipo ambiri amene amapanga mivi ya manja ku America lero amayambira mbiri yao pa anthu awiriwa. Pakanapanda munthu mmodzi wofunsa, zonse zikanapita ndi mwini wake.

Kwa Dambe, kwa Chekucheku, kwa Mlauli ndi kwa Saimoni zinthu sizinafike pa munthu mmodzi wotsala, koma mwambi uja wakuti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso ukunena za nkhani yomwe ino. Ana amauloweza mwambiwu chifukwa cha mayeso a Chichewa, pamodzi ndi mawu monga phodo, mpaliro ndi uzimba, osadziwa kuti phodo limapachikidwa bwanji pa phewa. Mphunzitsi wa Chichewa ndi mnzake wa sayansi angathe kugwirizana, napita kwa nyakwawa kukafunsa kuti ndani m'mudzimo ankadziwika ndi uta. Mkuluyo aitanidwe mwaulemu, apatsidwe mpando kutsogolo kwa kalasi, ndipo asabwerere chimanjamanja ngati kuti nzeru yake ndi yaulere pamene ya m'buku imagulidwa. Ana alembe mawu ake m'chinenero chimene iye akulankhula, mayina a mitengo ya uta monga iye akuitchulira, ndi dzina lake lomwe pamwamba pa kope. Kenaka ayeze mabango amene iye wasankha ndi manja, aone ngati rula ndi kathumba ka mchenga zikugwirizana ndi zala zake. Pamene zikusiyana, asafulumire kunena kuti wolakwa ndi mkuluyo.

Achinyamata amene atsiriza sukulu ndipo akudikira ntchito ali ndi mwayi woposa wa aphunzitsi, chifukwa agogowo amadya nawo m'mbale imodzi ndipo foni yojambulira ili m'thumba. Kukhala tsiku limodzi pafupi ndi makala, kuona mmene chala chachikulu chimakankhira mfundo ya bango, kumaphunzitsa zimene nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri singathe kusunga m'galasi. Nyumba yotere ingasunge muvi, koma osati mmene unawongoledwera.

Ntchitoyi siifuna ndalama za boma kapena galimoto ya bungwe. Chimene imafuna ndi kusaphonya nyengo. Bango liyenera kudulidwa litakhwima koma moto wolusa usanadutse m'madambo, ndipo limafuna miyezi iwiri kapena itatu kutsindwi lisanayambe kuwongoledwa. Lodulidwa pa tchuthi cha mu Ogasiti limakhala litauma pofika Novembala, teremu yoyamba isanatseke.